Mvula Inakwera Sitima ya ku Khwisa

A Sandalamu Kaliwo analota dzuwa lili paliwombo, atakhala pampando wachitatu wa minibasi yopita ku Balaka, mutu atautsamiza pagalasi.

Ntchito yawo pa depoti ya Limbe inali yomweyo, kukhala. Minibasi sinyamuka isanadzaze, komanso munthu wa paulendo sakwera minibasi yopanda anthu. Ndiye oitanira amalemba anthu onga a Sandalamu kuti akhalemo, kachikwama pamiyendo, nkhope ya munthu wochedwa, kuti odutsa aone ngati yatsala pang'ono kunyamuka. Ikadzaza ndi eni ulendo, wokhalira mpando uja amanyamuka mwakachetechete, kusiyira mlendo mpando wofunda, n'kukakhala m'minibasi yotsatira. A Sandalamu anali atagwira ntchitoyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, pansi pa woitanira wina dzina lake Yobe. Anali atakwera minibasi zambiri kuposa munthu aliyense m'Limbe, osafika ngakhale pa Maselema.

M'malotomo anatsegula kachikwama kawo kaja, kamene masiku onse kamakhala ndi nyuzipepala zakale zokhazokha, ndipo anapezamo munda. Unali munda wa mlongo wawo, a Nasibeko, wa ku Khwisa, wonse wathunthu, ndi chulu chake ndi mtengo wa bwemba wa m'malire. Chimanga chinali chofika m'mawondo, masamba atapotana ngati zingwe. Pakati pa mizere panaima amalume awo, a Bizaliyele, amene anamwalira kalekale atatha moyo wonse akuyendera njanji ndi nyundo yaitali, kugogoda chitsulo n'kumamvetsera. Anali ang'ono ngati chala. Anakwera zipi ya kachikwamako, natulukira panja, nakhala pampando woyandikana nawo ali pamsinkhu wawo wakale, nyundo ili pakati pa miyendo.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero a Bizaliyele, "chimanga ichi chatsala ndi tsiku limodzi. Mvula ili ku siteshoni. Ilibe woiperekeza."

"Bwanji osangobwera yokha monga kale, amalume?"

"Njira yake ya kumwamba inatsekeka. Utsi wa magalimoto unamangako denga. Tsopano ikuyenda pansi ngati ife. Minibasi yakana, ikuti imaitsokomoletsa. Ukwere nayo sitima, ukaitsitse pa Khwisa. Minda inkaidziwa poiyang'anira kumwamba. Pansi pano ndi mlendo, sidziwa potsikira. Ukapanda kuiuza, ipitirira."

"Ine sindiyenda ulendo, amalume. Ndimangokhala."

"Lero ukhale mpaka ufike."

A Bizaliyele anakankha chitseko cha minibasi ndi nyundo. Panja panalibenso depoti. Panali siteshoni ya sitima, yopakidwa laimu mpaka miyala ya m'mbali mwa msewu, mpaka tsinde la mpapaya, mpaka galu wina amene anachedwa kudzuka.

Kumwamba kunalidi denga. Linali lotuwa, lotsika, lopanda mtanda kapena mzati, ndipo pansi pake pankatentha ngati m'ng'anjo ya njerwa. Linkachokera m'magalimoto khumi ndi limodzi amene anandanda kuseri kwa matenti, akuluakulu, oyera mbee, mulibe munthu koma mainjini akulira kuti mipando isatenthe eni ake asanabwerere.

Eni akewo anali m'tenti. Linali tsiku lotsegulira sitima yatsopano. Onse anavala malaya a nsalu imodzi, yojambulidwa sitima, mtengo wobiriwira ndi dzuwa lomwetulira. Patebulo lapamwamba panali akuluakulu a ku likulu, mlendo wa ku bungwe lina la kunja amene anapereka ndalama, ndipo pakati pawo penipeni panakhala Utsi. Nawonso unavala malaya a nsalu yomweyo, mabatani atatsala pang'ono kuthothoka ndi kunenepa. Anauikira botolo la madzi ndi duwa patsogolo.

Wolankhula anali Bwana Chikakwiya, mkulu wa ntchito yonseyo, munthu wa khosi lonona ndi mawu onga a m'busa wa pamaliro a munthu wolemera.

"Dziko likutentha," anatero Bwana Chikakwiya. "Likutentha chifukwa aliyense akuyenda m'galimoto yakeyake. Anzathu akunja atithandiza ndalama zokonzera njanji ndi kugula mabogi khumi ndi awiri, kuti anthu aziyenda pamodzi. Lero, amayi ndi abambo, Utsi tikuuthamangitsa m'dziko muno!"

Onse anaomba m'manja. Utsi ndi umene unaomba kwambiri.

A Sandalamu anayang'ana panjanji. Panali mutu wa sitima ndi bogi imodzi yokha.

"Ena khumi ndi limodzi aja ali kuti?" anawafunsa amalume awo.

"Anasanduka panjira," anayankha a Bizaliyele. "Ponyamuka kudoko anali mabogi. Pofika kuno anali atamera matayala a mphira ndi magalasi akuda. Si awo ali kuseri kwa tenti. Akuti ndi oyendera njanji." Analavula pansi. "Ine njanji ndinkaiyendera ndi mapazi awa. Koma chitsulo chokha akonza bwino, ndagogoda. Chinakonzedwa ndi anthu amene sanawaitane."

Anthu osaitanidwawo anali kunja. Siteshoni yonse inazunguliridwa ndi kansalu kofiira kopyapyala, kotalika ngati chingwe choyanikira zovala, ndipo kuseri kwake kunadzaza khamu: amayi a madengu a kabichi ndi matimati, abambo a matumba a nandolo, ophunzira a masutikesi, odwala opita kwawo. Palibe amene akanadutsa, chifukwa kansaluko kanali kasanadulidwe. Sizasi inali isanafike. Inkabwera kuchokera ku likulu pagalimoto yakeyake, ndi dalaivala wake.

Mvula anaipeza kumapeto kwa siteshoni, itakhala yokha pabenchi, itafunda chitenje chotuwa mpaka kumutu. Pansi pa benchipo panali ponyowa, ndipo pankamveka fungo la dothi la tsiku loyamba la dzinja. A Sandalamu anavula chipewa.

"Ndatumidwa kudzakuperekezani," anatero.

"Mwachita bwino, bambo," inayankha Mvula. "Ndakhala pano kuyambira mwezi wa Novembala. Ndinali wamkulu kuposa apa. Kodi kumene tikupitako n'kutali?"

"Sindinafikeko posachedwa. Koma potsikira ndikupadziwa."

"Mukandiuze tikafika. Ine mayina a malo sindiwasunga. Ngakhale mutandiuza pano, pofika pachitseko ndikhala nditaiwala."

Pamene a Sandalamu ankatembenuka kuti atsazike amalume awo, a Bizaliyele anali atapita. Kunkangomveka nyundo ikugogoda chapatali. A Sandalamu anaigwira Mvula pamkono, dzanja lawo n'kunyowa mpaka m'chigongono, nakwera nayo m'bogi. Anaikhazika pawindo, iwo n'kukhala pambali pake, kachikwama pamiyendo.

Posapita nthawi anthu a m'tenti aja anayamba kukwera, wojambula zithunzi ali patsogolo akuyenda chafutambuyo. Anadzaza mipando yonse. A Sandalamu anangowayang'ana kamodzi n'kuwazindikira. Anali anzawo a ntchito. Okhalira mipando enieni, kungoti a nsapato zowala. Koma ntchitoyo sankaidziwa n'komwe, zochititsa manyazi. Palibe ndi mmodzi yemwe anali ndi katundu. Palibe amene anafunsa mnzake nthawi, kapena kudandaula kuti tichedwa, kapena kugula nthochi pawindo. Anakhala m'mphepete mwa mipando, matako theka, maso ali kumagalimoto awo. Mayi wina anayala kaye mpango asanakhale. Yobe akanawachotsa onse tsiku loyamba, osawapatsa ngakhale ya chiwaya.

"Mwetulirani!" anatero wojambula. "Onetsani kuti mukupita kwinakwake!"

Anamwetulira. Bwana Chikakwiya anaimirira pakati pa bogi, nakweza kambendera kobiriwira.

"Sitima inyamuke!"

Sitima sinanyamuke. Inapuma mpweya wautali m'munsi mwake, kenako inalankhula ndi mawu odekha, ochokera pansi pa mipando.

"Muno mwakhala anthu makumi asanu ndi limodzi. Opita ndi awiri. Pepani, ine sindinyamuka ndi otsika."

Onse anasuzumira pansi pa mipando.

"Ndani anaitanitsa sitima yolankhula?" anafunsa Bwana Chikakwiya. "Zimenezi munalibe m'mapepala."

"Zithunzi zatheka kale, bwana," anatero wojambula.

"Basi, ndiye yanyamuka."

Anatsika onse mothinana pachitseko, aliyense akukupiza nkhope ndi pulogalamu. Anabwerera m'tenti, ndipo pomwepo anasankha komiti ya anthu khumi ndi awiri yoti ifufuze chifukwa chimene anthu a dziko lino sakonda kukwera sitima. Wapampando anasankha Utsi, poti ndi umene unkaidziwa bwino nkhaniyo. Anagwirizana kuti kafukufukuyo akachitikire kuhotelo, kutali ndi phokoso, chifukwa khamu lija la kuseri kwa kansalu linkawasokoneza kuganiza.

Mvula inali itachepa. Mapazi ake sankafikanso pansi, ndipo pampando panayamba kuoneka mzere wouma pamene inali italekezera poyamba.

"Bambo," inatero, "kodi pansi pano maulendo amayenda chonchi?"

"Amayenda chonchi, mayi."

A Sandalamu anasuzumira m'kachikwama. Masamba a m'munsi a chimanga anali atayera. A Nasibeko anaima pachulu, dzanja pamphumi, akuyang'ana kumwamba, kumene kunali zipi.

A Sandalamu anatseka kachikwamako msanga. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akumva Yobe akukuwa sizinapite pachabe. Anatulutsa mutu pawindo, namenya bogi ndi chikhatho katatu.

"Balaka-Khwisa! Balaka-Khwisa! Watsala mmodzi! Mmodzi yekha tinyamuke!"

"Atsala makumi asanu ndi asanu ndi atatu," inatero Sitima.

"Inu khalani chete, ntchito iyi simuidziwa. Mmodzi yekha! Amayi a kabichi, tiyeni!"

Mayi wa kabichiyo, mayi Nagama, anali patsogolo penipeni pa khamu, dengu lili pamutu, mimba itagunda kansalu kofiira.

"Mmodzi yekha pati, bambo inu? Tikuona mipando ili mbee! Bodza la ku depoti mwabwera nalo mpaka kuno?"

"Nanga mukufuna kabichiyo aphikike pamutu? Kwerani!"

"Tidutsa bwanji? Akuti tidikire sizasi."

"Mulibe mpeni m'dengumo?"

Mayi Nagama anayang'ana kansaluko, nayang'ana kutenti, kumene akomiti anali akukangana za mtundu wa zikwama zimene adzagawane pamsonkhano. Anapisa dzanja m'dengu osalitula, natulutsa mpeni wosadzulira kabichi, wakuthwa mbali imodzi mpaka kupindika. Anadula kamodzi. Kansaluko kanagwa pansi ngati njoka yakufa.

"Ha! Kanthu kake n'komweka?" anatero. "Taima pano miyezi itatu chifukwa cha ulusi?"

Anthu anakhamukira m'bogi. Amenewa ndiye anali apaulendo. Anakwera ndi madengu, matumba, mbuzi yomangidwa miyendo, malata awiri, wailesi, bedi. Anatukwanizana za malo a katundu, napondana, napepesana, nafunsana kuti kwanu n'kuti. Munthu mmodzi akakhala pansi, ku depoti kunkamveka minibasi imodzi ikuzima, ndipo kudenga lija kunkathothoka chidutswa chonga chigamba, n'kuoneka kumwamba kwenikweni, kobiriwira. M'tenti muja Utsi unayamba kuphwa. Malaya aja anaukulira, kolala n'kugwera paphewa. Bwana Chikakwiya ataona zimenezo anatumiza uthenga kwa madalaivala kuti aponde mafuta pang'ono, wapampando wakomoka.

Mayi Nagama anakhala moyang'anizana ndi a Sandalamu, dengu pakati pa miyendo. Anayang'anitsitsa amene anafunda chitenje chotuwa.

"Awa ndi akazi anu? Akudwala? Thukuta lonseli?"

"Ndi Mvula."

"Ooh. Mwaswera bwanji, mayi? Kwathu ku Utale akukudandaulani kwambiri."

"Ndaswera, kaya inu," inayankha Mvula. "Lero ndili ndi kwina. Bambo awa ndi amene akudziwa."

Mpweya wa m'bogi unazizira. Mvula inayambanso kukula, mapazi anafika pansi, madzi n'kumayenderera pakati pa mipando, ana a sukulu a sekondale akukweza masutikesi awo. Sitima inkawerenga motsitsa. Atsala asanu. Atsala atatu. Watsala mmodzi, ndipo ulendo uno sichinali chinyengo. Bambo wina wa njinga yopanda tcheni anakhala pampando wotsirizawo.

"Tsopano nonse ndinu opita," inatero Sitima. "Gwirani katundu wanu."

Injini inalira. Bogi yonse inanjenjemera.

Ndi pamene panakwera munthu winanso, mphunzitsi wopuma ntchito, wa jekete lothothoka m'zigongono, sutikesi yomangidwa ndi chilambe ili m'manja. Anayenda pakati pa mipando akupuma movutikira, akuyang'ana uku ndi uku, naima pafupi ndi a Sandalamu. Anangoima, monga amaimira munthu wa ulendo weniweni pamene galimoto yadzaza ndipo injini ikulira.

A Sandalamu sanaganize chilichonse. Maondo awo anaongoka okha. Dzanja limodzi linanyamula kachikwama, lina linaloza mpando, pakamwa n'kutuluka mawu a masiku onse, "Khalani apa, bambo, ine ndaiwala kanthu." Mvula inawagwira mkono wa malaya, koma madzi sagwira munthu. Mapazi awo ankadziwa njira. Anadutsa mbuzi, nadutsa bedi, natsika masitepe awiri cham'mbali, mosaonetsera, monga anaphunzitsidwira. Pamene mutu wawo unkabwerera m'malo, anali ataima pasimenti ya siteshoni, chikhatho chili chotambasula, kudikira kuti Yobe aikemo kanthu.

Chitseko chinatsekeka. Mawilo anayamba kugudubuzika.

Mvula inatulutsa mutu pawindo. Chitenje chinali chitagwera m'mapewa, nkhope yake ikuyenderera.

"Bambo," inatero mwaulemu, "nditsikire pati?"

A Sandalamu anathamanga m'mbali mwa bogi. Anadzaza chifuwa ndi mpweya kuti akuwe dzina la kwawo, kuti mayi Nagama amve, kapena mphunzitsi uja, kapena aliyense woti akaikumbutse pofika. Nthawi yomweyo msonkhano wa komiti unatha. Magalimoto khumi ndi limodzi anapondedwa mafuta pamodzi, ndi ya sizasi yomwe imene inali itangofika kumene, ikuimba hutala kuti anthu apatuke. Dzina la Khwisa linatuluka pakamwa pawo n'kumira m'phokosomo ngati mwala m'thope. Anakuwanso. Anaona mayi Nagama ataika dzanja kukhutu, akupukusa mutu. Simenti inatha, panayamba miyala, ndipo bogi inakhota pakona.

Kudenga zigamba zija zinayamba kutsekeka chimodzichimodzi.

A Bizaliyele anali atagwada panjanji, nyundo ili pambali, khutu ataligunditsa pachitsulo. Sanawayang'ane a Sandalamu.

"Lirangwe," anatero.

"Amalume, miyendo yanga ndi imene..."

"Utale."

"Sindinafune. Munthuyo anangoima pafupi."

"Nkaya. Balaka." Anatseka maso. Panadutsa nthawi yaitali. "Khwisa. Yaima."

A Sandalamu anagwira zipi ya kachikwama, osaitsegula.

"Watsika wa njinga. Watsika wa malata. Atsitsa mbuzi." A Bizaliyele anadikirabe, khutu lili pachitsulo. Kenako anadzuka, nasasa fumbi m'maondo, natola nyundo yawo. "Yanyamuka."

"Mvula?"

"Ili pawindo. Ikuyang'ana munda wa mlongo wako. Ikuti kaya ndi wa yani, wauma chomwechi."

Anaika nyundo paphewa, nayamba kuyenda pakati pa njanji, kulowera kumene sitima inapita, akugogoda chitsulo pakapita mapazi khumi alionse.

Galimoto yoyamba inaima pafupi ndi a Sandalamu. Galasi lakuda linatsika, panatuluka kamphepo kozizira. Bwana Chikakwiya anali kumbuyo, Utsi uli pambali pawo, utanenepanso, ukumanga mabatani.

"Madala," anatero Bwana Chikakwiya, "ndinu amene munaitanira anthu aja? Mwagwira ntchito. Mu lipoti tilemba kuti anthu akumudzi atengapo mbali." Anatembenukira kwa wojambula. "Ajambuleni awa akusangalala. Madala, taombani m'manja. Sitima yapita, ntchito yatheka."

Wojambula anagwada, nalozetsa kamera. A Sandalamu anamva mikono yawo ikukwera yokha, monga anachitira maondo aja. Kachikwama kanagwa pansi. Zikhatho zinatambasuka, chimodzi uku china uku, n'kuyamba kuyandikirana.

Anadzuka pomwepo. Minibasi inali ikadali theka, Yobe akumenya chitseko panja, kumwamba kwa Limbe kuli kotuwa kopanda mtambo ndi umodzi womwe. Manja awo anali m'mwamba patsogolo pa nkhope, otalikirana ngati a munthu woyeza nsomba. Mayi amene anakhala pambali pawo anasendera kuwindo, akuwayang'ana cham'mbali.

A Sandalamu anawaimika manjawo pomwepo, m'malere, mpaka mapewa anayamba kuwawa. Sanaombe.